Constance Baker Motley: Loya wa Ana Asukulu Amene Anakhala Jaji Zaka 39

Pa 20 May 1963, akuluakulu oyang'anira maphunziro mumzinda wa Birmingham, m'chigawo cha Alabama ku America, analamula kuti ana oposa 1,000 asapondenso kusukulu. Mlandu wa anawa unali woti anajomba m'kalasi n'kupita kukachita zionetsero zotsutsa malamulo olekanitsa anthu akuda ndi azungu, ndipo apolisi anawamanga. Ena mwa iwo anali atatsala ndi masiku owerengeka kuti amalize sekondale. Pa 22 May, loya wawo anakapempha jaji wa mumzindamo, a Clarence Allgood, kuti aimitse lamulolo, koma jajiyo anakana. Tsiku lomwelo loyayo anathamangira ku Atlanta kukaonekera pamaso pa a Elbert Tuttle, mkulu wa bwalo la apilo, ndipo usiku womwewo kunatuluka chigamulo choti ana onse abwerere m'kalasi.

Loyayo anali Mayi Constance Baker Motley. Patangopita zaka zitatu, iwowa anakhala mayi woyamba wachikuda kusankhidwa kukhala jaji m'makhoti a boma lalikulu la America, ndipo anagwira ntchitoyo mpaka imfa yawo mu 2005. Mbiri yawo tikhoza kuigawa pawiri: zaka pafupifupi 20 akuimirira pamaso pa majaji, ndi zaka 39 iwo eni atakhala pampando woweruzira. Chimene chimalumikiza mbali ziwirizi ndi bwalo limene limamva mlandu koyamba. Kumeneko ndi kumene anazunzika ali loya, ndipo kumeneko ndi kumene anakhazikika atakhala jaji.

Makhoti a mitundu iwiri

Kuti timvetse ntchito yawo, tiyambe taona mmene makhoti a ku America anayalidwira. Dzikoli lili ndi zigawo 50, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lake, malamulo ake ndi makhoti ake. Pamwamba pa zonsezi pali boma lalikulu la ku Washington, lomwenso lili ndi makhoti akeake. Makhoti a boma lalikulu ali m'magulu atatu. Pansi pali mabwalo 94 otchedwa District Court, amene amamva mlandu koyamba, kumvetsera mboni ndi kulandira umboni. Pakati pali mabwalo a apilo. Pamwamba penipeni pali Supreme Court, yomwe ili ndi majaji 9.

Jaji wa makhoti amenewa amasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo nyumba ya malamulo ya Senate imavomereza. Akalowa ntchito ndi ya moyo wake wonse, ndipo malamulo oyendetsera dziko amaletsa kumudulira malipiro. Cholinga chake n'chakuti aziweruza osaopa wandale aliyense. Komabe, monga tionere, kusaopa kuchotsedwa ntchito pakokha sikuchititsa munthu kukhala wachilungamo. Jaji wa bwalo loyamba ali ndi mphamvu zambiri zimene sizionekera msanga. Ndiye amaika tsiku la mlandu, amalola kapena kukana umboni, ndipo nthawi zambiri ndiye amalemba zimene akuti ndi zoona zake za nkhaniyo. Akafuna kuchedwetsa mlandu wa mwana wasukulu mpaka chaka cha maphunziro chithe, angathe kutero popanda kuphwanya lamulo poyera.

Mwana wa wophika wa ku Yale

Constance Baker anabadwa pa 14 September 1921 ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut. Anali wachisanu ndi chinayi m'banja la ana 12. Makolo ake anachokera pachilumba cha Nevis ku Caribbean. Bambo ake ankaphikira magulu a ophunzira a payunivesite ya Yale, imodzi mwa sukulu zotchuka kwambiri m'dzikomo. Motero mwanayu anakulira pakhomo pa yunivesite imene abale ake ankaitumikira koma osaphunziramo. Ku Connecticut kunalibe malamulo okhwima olekanitsa mitundu ngati akumwera, ndipo iye anaphunzira limodzi ndi ana achizungu. Komabe tsankho linalipo. Ali mtsikana anabwezedwapo pamalo ena osambira m'mphepete mwa nyanja chifukwa cha khungu lake.

Anamaliza sekondale pa Hillhouse High School mu 1939 atakhoza bwino, ali ndi maloto odzakhala loya, koma ndalama za koleji kunalibe. Mwayi unamupeza pamsonkhano. Munthu wina wachuma wa mumzindamo, mzungu wochita ntchito zomangamanga dzina lake Clarence Blakeslee, anali atathandiza kumanga holo ya anthu akuda yotchedwa Dixwell Community House, ndipo ankadabwa kuti eni dera sankaigwiritsa ntchito kwenikweni. Pamsonkhano wokambirana vutoli, Constance, asanakwanitse n'komwe zaka 20, anaimirira n'kufotokoza kuti anthu sabwera chifukwa alibe mawu pa kayendetsedwe ka malowo. Ambiri akanaona ngati chipongwe kuyankha chonchi munthu amene wapereka thandizo. A Blakeslee anamuitanitsa, namufunsa chifukwa chimene sanapitire kukoleji, ndipo atamva kuti vuto ndi fizi, analonjeza kumulipirira mpaka pamene angafike.

Mu 1941 ananyamuka pasitima kupita ku Fisk University, yunivesite ya anthu akuda ya ku Nashville, m'chigawo cha Tennessee. Sitima itafika ku Cincinnati, pamalire olowera kumwera, anauzidwa kuti atsike m'bogi imene anali n'kukakwera ya anthu akuda okhaokha. Aka kanali koyamba kukumana ndi tsankho lochita kulembedwa m'malamulo. Sanakhalitse ku Fisk. Anasamukira ku New York University komwe anatenga digiri ya zachuma mu 1943, kenako analowa sukulu ya zamalamulo ya Columbia n'kumaliza mu 1946. Chaka chomwecho anakwatiwa ndi a Joel Motley, amene ankachita bizinesi ya nyumba ndi inshuwalansi, ndipo anabereka mwana mmodzi wamwamuna.

Mlandu wa malipiro a aphunzitsi

Asanamalize ku Columbia, mu 1945, a Thurgood Marshall anawalemba ntchito ku Legal Defense Fund, nthambi ya zamalamulo ya bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP. Ntchito yawo yoyamba inali kuwerenga mafayilo a asilikali achikuda amene anaweruzidwa m'makhoti a usilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anakhala loya woyamba wamkazi wachikuda pabungwelo.

Mlandu woyamba umene unawatengera kumwera ukutikhudza ife amene tikukonzekera uphunzitsi. Ku Mississippi, aphunzitsi achikuda ankalandira ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi anzawo achizungu a maphunziro ofanana. Mu 1948, mphunzitsi wina wa mumzinda wa Jackson, Mayi Gladys Noel Bates, anasumira akuluakulu a maphunziro. Chotsatira chake, iwo ndi amuna awo, omwenso anali mphunzitsi, anachotsedwa ntchito. Mphunzitsi wina, a R. Jess Brown, analowa nawo m'mlanduwo kuti usafe, ndipo nawonso ntchito inawathera. Mu 1949 Mayi Motley ndi mnzawo Robert Carter anapita kukaimira aphunzitsiwa pamaso pa Jaji Sidney Mize. Anthu akuda anadzaza khoti kudzaona chinthu chimene anali asanachionepo: mayi wachikuda akufunsa mafunso akuluakulu achizungu, iwo n'kumakakamizika kuyankha.

Mlanduwo anagonja. Khoti linati aphunzitsiwo anayenera kuyamba adandaula kwa akuluakulu a maphunziro omwewo asanabwere kukhoti. Apa Mayi Motley anaona mmene jaji angakanire munthu chilungamo popanda kukhudza funso lenileni. Koma mlanduwo sunapite pachabe. A Brown, atachotsedwa uphunzitsi, anakaphunzira zamalamulo n'kukhala mmodzi mwa maloya ochepa achikuda a ku Mississippi, ndipo patapita zaka anagwira ntchito limodzi ndi Mayi Motley pa mlandu waukulu kwambiri wa m'chigawocho.

Maulendo akumwera anali ovuta. Mahotela ndi malesitilanti ambiri sankalandira anthu akuda, choncho ankagona m'nyumba za anthu ofuna kwabwino, nthawi zina amuna okhala ndi mfuti akulondera panja. M'khoti, maloya ena a boma ankakana kuwatchula kuti Mayi Motley, m'malo mwake ankawaitana ndi dzina loyamba ngati mwana kapena wantchito wa pakhomo. Iwo ankaumirira kuti apatsidwe ulemu umene loya aliyense amapatsidwa.

Chigamulo chili papepala, zitseko zili chitsekere

Kuyambira mu 1896, pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson, Supreme Court inali itavomereza kuti boma likhoza kulekanitsa mitundu malinga ngati zinthu za mbali zonse zili zofanana. Kufananako kunali kwa pakamwa chabe. Mu 1950 Mayi Motley analemba chikalata cha dandaulo chimene chinakhala maziko a milandu yotsutsa sukulu zolekanitsa ana, yomwe inadzadziwika ndi dzina la Brown ndi Board of Education. Pa 17 May 1954, majaji onse 9 anagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Mabuku ambiri a mbiri amaimira pamenepa ngati kuti nkhani inatha. Koma chaka chotsatira, khoti lomwelo linasiya ntchito yokwaniritsa chigamulocho m'manja mwa majaji a mabwalo oyamba, osaika tsiku lomalizira. Mu 1956 aphungu pafupifupi 100 akumwera anasaina chikalata cholonjeza kulimbana ndi chigamulocho. Zinatanthauza kuti sukulu iliyonse, yunivesite iliyonse, inayenera kusumiridwa payokha, ndipo pankafunika wophunzira wolimba mtima woti dzina lake lilembedwe pamlandu. Ntchito yotopetsa imeneyi yambiri inagwera Mayi Motley. Anaimira Autherine Lucy, amene analowa University of Alabama mu 1956 koma n'kuchotsedwa patangopita masiku ochepa gulu la anthu litachita chipolowe. Anaimira Charlayne Hunter ndi Hamilton Holmes, amene analowa University of Georgia mu January 1961. Anathandizanso Harvey Gantt kulowa Clemson ku South Carolina, ndi Vivian Malone ndi James Hood kulowa University of Alabama mu 1963, bwanamkubwa George Wallace ataima pakhomo kuti awatsekereze.

Mlandu wovuta koposa unali wa James Meredith, amene anagwirapo ntchito m'gulu la asilikali a mumlengalenga ndipo mu January 1961 anafunsira malo ku University of Mississippi. Yunivesiteyo sinalembe paliponse kuti ikumukana chifukwa ndi wakuda. Inali ndi njira zina. Mwachitsanzo, inkafuna makalata a umboni ochokera kwa anthu amene anaphunzirapo pamenepo, chonsecho onse amene anaphunzirapo anali azungu. Mayi Motley ndi a R. Jess Brown anakasuma mu May 1961, ndipo mlandu unagwera kwa Jaji Mize yemwe uja. Jajiyu anauimitsa kangapo mpaka Meredith anaphonya materemu, ndipo pomaliza, mu February 1962, anagamula kuti panalibe umboni woti yunivesiteyo imasankha mtundu, ngakhale inali isanalandirepo wophunzira wodziwika kuti ndi wakuda chiyambire.

Chimene chinapulumutsa mlanduwo chinali khama la pamapepala. Mayi Motley anali atafunsa akuluakulu a yunivesite mmodzimmodzi, kuitanitsa mafayilo, ndi kuonetsetsa kuti chilichonse chalembedwa m'kaundula wa khoti. Bwalo la apilo litawerenga zonsezi, mu June 1962, Jaji John Minor Wisdom analemba chigamulo chosonyeza kuti yunivesiteyo inkachedwetsa dala ndi kuzunza Meredith. Jaji wina wa bwalo lomwelo, a Ben Cameron, anaimitsa chigamulocho maulendo anayi, mpaka Jaji Hugo Black wa Supreme Court anachotsa ziletso zonsezo mu September. Bwanamkubwa Ross Barnett anapitabe yekha kukamutsekereza. Usiku wa pa 30 September kunabuka chipolowe chimene chinapha anthu awiri, mmodzi mwa iwo mtolankhani wa ku France, ndipo Pulezidenti John Kennedy anatumiza asilikali. Meredith analembetsa pa 1 October 1962 n'kumaliza maphunziro mu August 1963. Munthu amene ankawayendetsa Mayi Motley pagalimoto ndi kuwasunga pa maulendo amenewa, a Medgar Evers a NAACP, anawomberedwa pakhomo pa nyumba yawo pa 12 June 1963.

Milandu 10 ku Supreme Court

Mu 1961 Mayi Motley anakhala mayi woyamba wachikuda kulankhula pamaso pa Supreme Court monga loya. Unali mlandu wa Hamilton ndi Alabama, wa munthu amene anagamulidwa kuti aphedwe chonsecho analibe loya pa tsiku limene anafunsidwa koyamba ngati akuvomera kapena kukana mlandu. Khoti linagwirizana nawo kuti pamlandu wa chilango cha imfa, munthu ayenera kukhala ndi loya kuyambira pa sitepe imeneyo. Pa milandu 10 imene anakamba kukhotili, anapambana 9.

Umene anagonja unali wa Swain ndi Alabama mu 1965. Ku America milandu yambiri imagamulidwa ndi gulu la anthu wamba lotchedwa jury, ndipo loya wa mbali iliyonse amaloledwa kukana anthu angapo osapereka chifukwa. Pa mlandu wa Robert Swain, woimira boma anakana anthu akuda onse amene akanatha kulowa m'gululo. Khoti silinaone cholakwa. Patapita zaka 21, mu 1986, pa mlandu wa Batson ndi Kentucky, khoti lomwelo linasintha maganizo n'kuletsa mchitidwewu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Si zonse zimene zinawayendera bwino ngakhale pakati pa anzawo. Mu 1961, a Marshall atasankhidwa kukhala jaji wa bwalo la apilo, udindo wotsogolera Legal Defense Fund unapita kwa a Jack Greenberg, amene analowa ntchito pambuyo pa Mayi Motley. Iwo anakhalabe n'kupitiriza ntchito. Mu 1964 analowa ndale, nakhala mayi woyamba wachikuda kusankhidwa kukhala phungu wa Senate ya chigawo cha New York. Mu 1965 anakhala mayi woyamba kutsogolera dera la Manhattan, ndipo pachisankho cha chaka chimenecho zipani zitatu, Democratic, Republican ndi Liberal, zonse zinawavomereza.

Miyezi 7 yodikira

Pulezidenti Lyndon Johnson poyamba ankafuna kuwaika kubwalo la apilo, pampando umene a Marshall anasiya, koma majaji ndi maloya ena a ku New York anatsutsa. Choncho mu January 1966 anawasankha kukhala jaji wa District Court ya kumwera kwa New York, bwalo limene lili ku Manhattan ndipo limamva milandu yambiri ya mabanki, makampani akuluakulu ndi zigawenga. Dzina lawo linayenera kudutsa m'komiti ya Senate yoona zamalamulo, ndipo wapampando wake anali James Eastland wa ku Mississippi, chigawo chomwe chija anachigonjetsa pa mlandu wa Meredith. A Eastland anagwira dzinalo miyezi 7, akuwanamizira kuti ali mtsikana anali m'gulu la chikomyunizimu. Senate inawavomereza pa 30 August 1966.

Tsopano anali pampando wofanana ndi umene a Mize ndi a Allgood ankakhalapo. Anthu ambiri ankayembekezera kuti adzakhala womenyera ufulu wovala mkanjo wa jaji, ena mwachiyembekezo, ena mwamantha. Ntchito yawo yambiri inali ya tsiku ndi tsiku monga ya jaji aliyense: mikangano ya makontrakiti, milandu ya mankhwala osokoneza bongo, chinyengo cha pamsika wa masheya. Koma milandu itatu ikutionetsa bwino mmene ankagwiritsira ntchito mphamvu za bwalo loyamba.

Mkaidi, loya ndi mtolankhani

Woyamba ndi wa mkaidi Martin Sostre, amene anatsekeredwa m'chipinda cha yekha kundende ya Green Haven masiku 372. Mu 1970 Jaji Motley, atamva umboni wa mmene moyo unalili m'chipindacho, anagamula kuti chilangocho chinali chankhanza ndi choletsedwa, ndiponso kuti mkaidi sayenera kulangidwa chonchi asanauzidwe mlandu wake ndi kupatsidwa mwayi woyankha. Analamula kuti apatsidwe chipukuta misozi cha madola 13,020. Mu 1971 bwalo la apilo linafafaniza mbali yaikulu ya chigamulochi, ponena kuti jajiyu analowerera kwambiri kayendetsedwe ka ndende. Linasiyako zina, monga zoti mkaidi asalangidwe chifukwa cha maganizo ake a ndale. Jaji wa bwalo loyamba amagwira ntchito akudziwa kuti pamwamba pake pali ena amene angamukonze, ndipo amamvera ngakhale sakugwirizana nazo.

Wachiwiri unakhudza iwo eni. Mu 1975 anapatsidwa mlandu umene loya wachitsikana, Diane Blank, anasumira kampani yaikulu ya maloya ya Sullivan & Cromwell kuti imasala akazi polemba ntchito. Woimira kampaniyo anapempha kuti jaji adzichotse pamlanduwo, ati popeza ndi mkazi, ndi wakuda, ndipo anakhala zaka zambiri akulimbana ndi tsankho, sangaweruze mosakondera. Jaji Motley anakana. Mfundo yawo inali yoti jaji aliyense wa bwalolo ndi mwamuna kapena mkazi, ali ndi mtundu wake, ndipo ali ndi kumene anagwirako ntchito. Ngati zimenezi zili zokwanira kuchotsera jaji pamlandu, ndiye kuti palibe amene angaumve. Pempholo linali ndi ganizo lobisika loti mwamuna wachizungu ndiye alibe mbali, pamene wina aliyense amakondera. Chigamulo chachifupichi chimatchulidwabe majaji akapemphedwa kudzichotsa chifukwa cha mtundu wawo, chipembedzo chawo kapena chifukwa choti ndi akazi. Mlanduwo unatha mu 1977 mbali ziwirizo zitagwirizana.

Wachitatu ndi umene unatchuka kwambiri m'manyuzipepala. Melissa Ludtke anali mtolankhani wa magazini ya Sports Illustrated. Pa mpikisano wa baseball wa World Series mu 1977, mkulu wa masewerowa, a Bowie Kuhn, anamuletsa kulowa m'chipinda chovalira osewera kukafunsa mafunso masewero atatha, pamene atolankhani aamuna ankalowa. Poti nkhani zotentha zinkapezeka mmenemo, iye ankatsalira pantchito. Mu September 1978 Jaji Motley anaona kuti bwalo la masewero la Yankee Stadium linali la mzinda wa New York, choncho malamulo oyendetsera dziko oletsa boma kusala anthu ankagwira ntchito pamalopo. Anavomereza kuti osewera ayenera kulemekezedwa pamene akuvala, koma anati zimenezo zingatheke ndi makatani, matawulo kapena nthawi yoikika, popanda kutsekera kunja akazi okha.

Zaka 19 zimene akanatha kupuma

Mu 1982 anakhala mkulu wa majaji a bwalolo, mayi woyamba kukhala pa udindowu. Pa 30 September 1986, atangokwanitsa zaka 65, analowa gawo limene ku America amalitcha senior status. Lamulo limati jaji amene wafika zaka 65 ndipo wagwira ntchito zaka zosachepera 15 ali ndi njira ziwiri. Akhoza kupuma n'kumalandirabe malipiro ake moyo wake wonse. Apo ayi, akhoza kusiya mpando wake kuti pulezidenti asankhe jaji wina, koma iye n'kumamvabe milandu, yambiri kapena yochepa monga angathere. Poti ndalama zikanabwerabe ngakhale atakhala kunyumba, tinganene kuti jaji wotereyu amagwira ntchito mongodzipereka. Makhoti a boma lalikulu amadalira kwambiri majaji achikulirewa kuti milandu isaunjikane.

Mayi Motley anasankha njira yachiwiri, ndipo anapitiriza kumva milandu zaka zina 19. M'zaka zimenezi analemba buku la mbiri ya moyo wawo, Equal Justice Under Law, limene linatuluka mu 1998. Pulezidenti Bill Clinton anawapatsa mendulo ya Presidential Citizens Medal mu 2001, ndipo NAACP inawapatsa mendulo yake yapamwamba ya Spingarn mu 2003. Anamwalira ndi matenda a mtima ku New York pa 28 September 2005, ali ndi zaka 84, akadali jaji. Sanakwezedwepo kupita kubwalo la apilo kapena ku Supreme Court. Mayi woyamba wachikuda kufika ku Supreme Court, Ketanji Brown Jackson, anasankhidwa mu 2022, ndipo tsiku limene dzina lake linalengezedwa anakumbutsa anthu kuti iye ndi Mayi Motley anabadwa pa deti lofanana, 14 September, motalikirana zaka 49.

Tikamaphunzira za kutha kwa tsankho m'sukulu za ku America, timakumbukira msanga chaka cha 1954 ndi mayina a anthu amene ankalankhula pamisonkhano ikuluikulu. Mbiri ya Mayi Motley ikutikumbutsa kuti pakati pa chigamulo cha 1954 ndi tsiku limene Meredith anakhala pa desiki panadutsa zaka 8, ndipo zakazo zinadzaza ndi makalata, mafayilo, masiku oimitsidwa ndi ma apilo. Lamulo linali limodzi pamaso pa a Mize ndi pamaso pa a Wisdom, koma wina analigwiritsa ntchito kutseka chitseko, wina kutsegula. Munthu wamba amene ali ndi dandaulo sakumana ndi majaji 9 a ku Washington. Amakumana ndi munthu mmodzi amene ali pafupi naye, yemwe angamumvere lero kapena kumuuza kuti abwere mwezi wamawa. Mayi Motley ankadziwa mtengo wa kuchedwa kotereku chifukwa anauona pa aphunzitsi a ku Jackson amene anataya ntchito ndi pa ophunzira amene anaphonya materemu, ndipo atapatsidwa mpando wa munthu mmodzi ameneyo, anakhalapo mpaka mapeto a moyo wawo.